Alamu Anga a Gervazio ndi Seva Yosagona

Alamu anga a Gervazio Kamwendo ndi munthu woti ukawaitana ku chakudya amayamba ayang'ana wotchi, n'kulemba kenakake m'buku, ndiye n'kusamba m'manja. Achemwali anga a Evah anakwatiwa nawo akudziwa zimenezi, ndiye ine sindiwamvera chisoni. Ine ndine Lines, mng'ono wawo wa a Evah. Ndagwira ntchito mu ofesi imodzi ndi bamboyu zaka zoposa khumi, pa yadi ya magonyeti, magalimoto akuluakulu onyamula katundu, ku Paulington kuno ku Mutare. Zomwe ndinene pano ndinaziona ndi maso angawa, ndipo pomwe ndiwanyoze mudziwe kuti chilamu chimandilola.

Anabadwira m'komboni ya mgodi ku Penhalonga. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi, monga anachitira makolo athu ambiri. Atakwana zaka makumi awiri analowa ntchito pa fakitale ina ya matabwa ku Paulington konkuno, pa boyila, chimgolo chachitsulo chowiritsira madzi kuti nthunzi yake iumitse matabwa. Ntchito yawo inali yoti moto usazime. Ola lililonse ankawerenga geji, kawotchi koonetsa mphamvu ya nthunzi, n'kulemba nambala m'buku. Tsiku lililonse ankatsegula valavu ya pansi kuti matope odikha m'madzi atuluke, chifukwa boyila yosatulutsa matope imatupa mimba mpaka kuphulika. Maboyila analipo awiri, ndipo imodzi ikamatsukidwa inzake inkagwira ntchito. Anyamata a pa boyila anali ndi lamulo lawo losalembedwa: woyatsa moto ndi yemwenso amauzimitsa, pang'onopang'ono, ndi dzanja lake.

Boma litagawira anthu minda ikuluikulu, mitengo yobwera ku fakitale inachepa, ntchito inayamba kutsimphina. Tsiku lina m'chaka cha 2005 anapita m'mawa monga mwa masiku onse n'kupeza geti lili ndi loko. Anaima kunja kwa mpanda mpaka dzuwa kufika paliwombo, akuyang'ana utsi wa pa chumuni ukuchepa, ukuchepa, mpaka kutheratu. A Evah amati kwa mwezi wathunthu mwamuna wawo sanatchuleko za ntchito yomwe yatha. Ankangobwereza kuti moto sauzimitsa choncho, chitsulo chimang'aluka.

Kenako anapeza ya ulonda wa masana pa sitolo ina ya intaneti m'tauni, kuphatikiza kuliza jenereta magetsi akathima. Magetsi ankathima kawirikawiri, makasitomala ankasowa, ndipo mwini sitolo anali ndi chibuku chophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta chomwe ankatchingira chitseko. Alamu anachitola. Taganizani munthu wa zaka makumi anayi ndi mphambu, zala ngati chinangwa, akugogoda kiyibodi ndi zala ziwiri, lilime lili panja. Tinawaseka mpaka nthiti kuwawa. Ine ndinkawauza kuti alamu, ukaipa dziwa nyimbo, koma nyimbo mwasankhayi ndi ya ana a sukulu. Iwo ankangomwetulira n'kupitiriza kugogoda.

Mu 2013 Mai Ruramai, eni yadi yathu, anawalemba ntchito. Pa yadi pathu magonyeti opita ku Beira amadikira mpaka mapepala awo atakonzeka, ndiye timawatulutsa mwa ndondomeko kupita ku boda ya Forbes. Kale dalaivala aliyense wofuna kudziwa ngati mapepala ake atuluka ankabwera pa windo langa kapena kundiimbira foni. Alamu analemba pulogalamu yoti dalaivala azingotsegula tsamba pa foni yake, n'kulemba nambala ya galimoto, n'kuona yekha ngati mapepala akonzeka komanso kuti ndi wachingati pa mzere.

Kagwiridwe kake ka ntchito anandifotokozera kambirimbiri mpaka ndinaloweza osafuna. Dalaivala akafunsa, pulogalamu inkadzuka kuchokera poyambirira penipeni, n'kutsegula nkhokwe ya mayina, n'kuwerenga mndandanda wonse wa magalimoto, n'kuyankha, n'kufa. Wina akafunsa, inkadzukanso, kutsegulanso, kuwerenganso, kufanso. Alamu ankanyadira zimenezi kwabasi. Ankati, "Mwana wangayu safuna womulera. Amabadwa, n'kuyankha, n'kumwalira asanachimwe." Ndipo zoona, zaka zisanu ndi zinayi sinadwaleko.

Koma pamene ankailemba, pa yadi pankagona magonyeti makumi anayi. Pofika 2022 tinali ndi oposa mazana atatu m'mabuku, ndipo dalaivala wodikira sakhala ndi chochita china koma kudina foni. Lolemba lililonse m'mawa anthu zana ankafunsa nthawi imodzi, mapulogalamu zana n'kudzuka nthawi imodzi, onse kulimbirana khomo limodzi. Seva, kompyuta yaikulu ija imakhala m'kachipinda ka kumbuyo, inkabanika. Pa foni za madalaivala pankangozungulira kagudumu. Ndiye mukuganiza ankatukwana ndani? Ine. Saulosi, dalaivala wa ku Ntcheu wachinyanja chosalala cha kumudzi, ankaimba Lolemba lililonse. "Achemwali, kagudumu kakuzungulira pa foni yangaka kakafika ku Beira, mundiuze kuti nane ndinyamuke."

Mai Ruramai sadziwa kuzungulira nkhani. Kumapeto kwa Ogasiti anatiitana tonse n'kutionetsa mayi wina wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, wokhala ku Murambi, dzina lake Munashe, katswiri wa maseva. Anati Munashe aika pulogalamu yatsopano, tiiyesa mwezi wonse wa Seputembala. Kenako anatembenukira kwa alamu, n'kuwatchula kuti Sekuru, mawu aulemu a kuno otanthauza agogo. "Ikayenda bwino, Sekuru Kamwendo, mukapume kunyumba. Mwagwira ntchito mokwanira."

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Munthu wa zaka 59, kukapuma chiyani? Alamu akakhala kunyumba tsiku limodzi amayamba kuwerenga mita ya madzi ola lililonse. Kuwachotsa pa ntchito kachiwiri kunali kuwaimikanso kunja kwa mpanda uja.

Ndinakonzeka kudana naye Munashe, koma mtsikanayu anandisokoneza ndi ulemu wake. Ankawomba m'manja popereka moni, ankati Sekuru, ndipo pofotokoza ankayang'ana munthu kumaso. Anati pulogalamu yake imadzuka kamodzi basi n'kukhala maso. Mndandanda imausunga mu memore, malo amene kompyuta imaikamo zomwe ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, ndipo khomo la nkhokwe limakhala chitsegulire. Wofunsa akabwera, yankho lili kale m'manja. Anapemphanso kuti atenge gawo limodzi la pulogalamu ya alamu, lofufuza galimoto pa mndandanda, poti linkadziwa kale mikhalidwe yonse ya pa yadi pathu. Alamu anavomera mano onse ali pamtunda. Yakale ija anaisiya ikuyaka pa kompyuta ina pakona, kuti zikavuta tibwerereko.

Lolemba loyamba la Seputembala ndinakhala pafupi ndi foni, nditanola kale pakamwa. Foni sinalire. Eyiti koloko inakwana, naini inakwana, zii. Ndinatsegula tsamba pa foni yanga, yankho linatuluka chala ndisanachichotse. Ndiulule tchimo langa: tsiku limenelo ndinamwa tiyi wotentha koyamba pa zaka zitatu, ndipo anandikomera. Koma amene anasangalala kuposa tonse anali munthu yemwe chinthucho chinabwera kudzamuchotsa ntchito. Ankayendayenda pa yadi akuonetsa madalaivala, akudina, akudinanso, akuseka ngati wapeza mdzukulu. Ndinawakokera pambali n'kuwafunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Anati, "Alamu, taonani liwiro lake. Chinthu chokongola ndi chokongola."

Lachinayi masana tsamba linayamba kulemera, kenako linaferatu. Munashe anathamanga, anaidzutsanso seva, zonse zinabwerera mwakale. Anati mwina ndi magetsi. Mlungu wotsatira, Lachitatu, yafanso. Munashe anakhala masiku awiri akuwerenga zomwe seva inalemba pa nthawi yakufayo, osapeza kanthu kooneka. Mwana wa eni ake anagwira njakata, maso anafiira. Mai Ruramai anati ikagwa kachitatu tibwerera ku yakale, ndipo nkhani ya yatsopano ithere pomwepo. Ine mumtima ndinayamba kuvina.

Pa masiku onsewa alamu anali ndi chizolowezi chomwe palibe anachisamala, poti tinawazolowera. Kuyambira tsiku loyamba, ola likakwana ankalowa m'kachipinda ka seva ndi hadikava yakuda, n'kulemba zinthu zitatu: nthawi, kuchuluka kwa memore yomwe pulogalamu yadya, ndi mafunso omwe yayankha chidzukire. Palibe anawatuma. Kwa iwo chinthu choyaka osazima chimayenera kuwerengedwa geji, basi.

Lachinayi la mlungu wachitatu tikudya mbatata kuseri kwa ofesi, anatsegula bukulo n'kundionetsa. Manambala ankangokwera ngati msewu wa ku Christmas Pass, osatsikako kupatula seva ikadzutsidwanso. Pamasiku awiri omwe seva inagwa, inagwera pa nambala yofanana.

"Vuto ndalipeza, alamu," anatero motsitsa mawu. "Ndi langa."

Anati m'gawo lija Munashe anatenga, muli kamndandanda komwe pulogalamu imalembapo galimoto iliyonse yomwe yafunsidwa. Iwo sanalembepo lamulo loti kazifufutidwa. Akanalemberanji? Pulogalamu yawo inkafa isanathe sekondi, n'kupita nazo kumanda zinyalala zake zonse. Koma tsopano gawo lomwelo laikidwa m'thupi losafa. Funso lililonse limasiyamo kachitsotso, ndipo palibe wosesa. Anawerengera ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba. "Mawa cha m'ma leveni koloko igwanso."

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuwagwira dzanja. "Ndiye tsekani bukulo, mutseke ndi pakamwa pomwe. Igwe mawa, Lolemba mwabwerera pa mpando wanu. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, alamu. Munashe ndi mwana, ali ndi mapepala a sukulu, akapeza kwina. Inu mukapeza kuti? Mwaiwala geti la loko lija?"

"Sindinaiwale."

"Nanga?"

Anasenda mbatata yawo pang'onopang'ono mpaka ndinafuna kuwalanda. "Ukaona geji ikukwera sufunsa kuti boyilayi ndi ya yani. Komanso matopewo ndi anga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Ndinawatchula mayina angapo omwe sindingawalembe pano, poti a Evah amawerenga.

Lachisanu teni koloko itangodutsa, atawerenga geji yawo, ananyamula hadikava n'kupita pa tebulo la Munashe. Ine ndinatola tsache n'kuyamba kusesa pakhomo pomwe panali posesa kale. Pa yadi panali magonyeti makumi asanu ndi limodzi odikira kutulutsidwa mlungu usanathe, ndipo madalaivala onse anali pa foni. Munashe anatsegula masamba, chala chikutsata manambala. Anafika pomwe panali pensulo, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma.

"Sekuru, mwakhala mukulemba izi ola lililonse?"

"Kupatula Lamulungu."

Alamu anamuonetsa kamndandanda kaja m'pulogalamu, n'kunena poyera kuti kulakwitsako n'kwawo. Munashe anagwira pakamwa. Anati kukonza gawolo n'kuliyesa bwino kufuna maola awiri kapena atatu, ndipo nthawi yatsala ndi mphindi makumi anayi. Kuidzutsanso seva kunali kotheka, koma tsamba likanathima kwa kanthawi madalaivala onse akuona, ndipo Mai Ruramai akanawerenga kuti kumeneko n'kugwa kwachitatu.

Alamu anakanda m'mutu. "Ku fakitale tinali ndi maboyila awiri. Sitinkadikira kuti itupe. Ikagwira ntchito maola akutiakuti, tinkayatsa inzake, iyi n'kuipumitsa, n'kuitulutsa matope. Matabwa sankadziwa n'komwe kuti tasintha. Kodi chinthu chakochi sichingabereke mnzake?"

Munashe anawayang'ana, kenako anaseka mpaka misozi. Anati chimatha, njirayo ilimo kale, iye ndi amene anaisiya chitsekere poganiza kuti pulogalamu yolembedwa bwino siifuna. Anaika kuti pulogalamu izikhala m'matupi anayi ogwira ntchito limodzi, ndipo lililonse likayankha mafunso zikwi zisanu lizimaliza lomwe lili m'manja, n'kupuma, latsopano n'kulowa m'malo, atatu enawo akupitiriza kuyankha. Anadzutsa anayiwo pambali pa yotupa ija, n'kuyamba kulozera mafunso atsopano kwa iwo. Alamu anaima kumbuyo kwake, diso pa geji, akutchula manambala mokweza ngati ali pa boyila. Nambala inakwera pang'ono, inaima, kenako yotupa ija itamaliza funso lake lomaliza n'kutsekedwa, nambala inagwa mpaka pansi.

Ndinasuzumira pa windo. Madalaivala anali chikhalire pa mthunzi, akudina mafoni awo. Saulosi anadutsa ndi botolo la madzi n'kundifunsa chomwe ndikusesa pakhomo poyera kale. Leveni koloko inakwana n'kudutsa, palibe anadziwa kanthu.

Masana omwewo anakonza kamndandanda kaja kuti kazidzifufuta. Mzere wake analemba alamu okha ndi zala ziwiri zija, Munashe atakhala pambali. Kuyambira pamenepo manambala a m'hadikava anayamba kukwera n'kutsika ngati mano a sowo, ndipo seva sinagwenso. Ine ndinalumbira kuti sindiwayankhula alamu mlungu wathunthu. Ndinapirira mpaka Loweruka madzulo, poti kukhala chete kumandidwalitsa. Koma mkwiyo ndinali nawo, ndi chisoni chomwe. Munthu anali atadzikumbira yekha dzenje, akuimba nyimbo.

Tsiku lomaliza la Seputembala alamu anabwera atavala jekete ya ku tchalitchi, atanyamula katoni yopanda kanthu yoti aikemo kapu yawo ndi mabuku. Nditaiona katoniyo ndinathawira kuchimbudzi kukapukuta maso. Mai Ruramai anatiitana mu ofesi n'kunena kuti yatsopano yapambana, ndipo anayamba kuthokoza Sekuru chifukwa cha zaka zonse. Munashe anawomba m'manja n'kupempha kuti alankhuleko.

Anaika hadikava pa tebulo. Anati pulogalamu yakale sinkafuna woiyang'anira chifukwa inkafa isanadwale. Yake ndi yachangu chifukwa imakhala ndi moyo, ndipo cha moyo chimadwala, lero ndi kamndandanda aka, mawa ndi china chomwe palibe akuchidziwa. Anati iye ankafufuza pa mphindi yomwe seva yafa, pamene matenda ankaoneka pa masiku omwe inali moyo, ndipo munthu mmodzi yekha pa yadi yonse ndi amene ankayang'ana pamenepo. "Ine ndili ndi maseva ena ku Harare, Mai. Ndingaike belu loti lizindiimbira zinthu zikafika poipa. Koma wodziwa kuti nambala iyi siikuyenda monga imayendera Lachiwiri, ndilibe. Mukawachotsa Sekuru, musandiimbire."

Mai Ruramai anatsegula bukulo tsamba ndi tsamba, nkhope osaisintha. Anafika pa pensulo paja n'kufunsa ngati alamu ankadziwa chomwe chikanachitika akanangokhala chete. Ine ndinayankha m'malo mwawo kuti ankadziwa bwino, poti ndinawauza ndine. Mai anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Sekuru, bukuli latsala masamba angati?"

"Khumi ndi awiri."

"Lines, mawa ukatenge mahadikava ena atatu. Ndipo katoni iyo ichoke mu ofesi mwanga."

Nthungululu yomwe ndinaimba inamveka mpaka ku geti. Madalaivala anathamangira pa windo kudzafunsa amene wakwatiwa. Ndinawauza kuti galu wamkota sakandira pachabe, ndipo Saulosi anati sakudziwa kuti nkhani ndi yotani koma avina nawo, n'kuvinadi pa fumbi ndi nsapato zake za ntchito.

Panatsala chinthu chimodzi. Pulogalamu yakale inali ikadayaka pa kompyuta ya pakona ija, ndipo tsopano inayenera kuzimitsidwa. Munashe akanatha kuchita zimenezi pa laputopu yake osadzuka n'komwe. Koma nkhani ya chumuni cha ku fakitale ankaidziwa, chifukwa pakamwa pangapa sipasunga kanthu. Anakoka mpando, n'kutembenuzira kiyibodi kwa alamu, iye n'kubwerera m'mbuyo.

Alamu anavula jekete n'kuikoleka pa chitseko. Anayamba aona ngati mulibe dalaivala wosochera yemwe akufunsabe ku yakale. Munalibe. Anatseka khomo la mafunso, anadikira pang'ono, anatseka nkhokwe, kenako anazimitsa kompyuta yonse. Kafani kake kanazungulira pang'onopang'ono mpaka kuima. Anaika dzanja pamwamba pake, pomwe panali pofunda, ndipo analisiya pamenepo kanthawi. Misozi inkatsika, koma nkhope yonse inali kumwetulira, ndipo nane ndinalira osabisa.

Kenako anayang'ana wotchi n'kutsegula hadikava. Ndinasuzumira paphewa pawo, monga mwa khalidwe langa. Analemba tsiku, analemba 12:10, ndipo m'danga lomwe amalembamo manambala analemba kuti: Ndazimitsa ndekha.

A Evah anali atatumiza mpunga ndi nkhuku kuti tiwatsanzike nazo. Tinadya zomwezo pokondwerera, tonse ndi Munashe, kuseri kwa ofesi. Wani koloko itakwana alamu anasiya mwendo wa nkhuku pa mbale, anapukuta zala, n'kupita kukawerenga geji.